Tifunseni za M'khitchini: Kuphika ndere za m'nyanja yamchere

Makalata ambiri amene afika mwezi uno akukhudza chakudya chimene makolo athu sanachidziwe, chifukwa dziko lathu lilibe nyanja yamchere. Angerezi amachitcha seaweed, anzathu a ku Zanzibar amati mwani, ndipo ife pano tizichitcha ndere za m'nyanja yamchere, ngakhale kuti dzina limodzili likuphimba zomera zambiri zosiyana monga momwe bonongwe amasiyanirana ndi therere. Tasankhapo makalata asanu.

Funso: Zikomo mayi. Ndimagwira ntchito yosamalira okalamba kuno ku Leeds, ndipo mnzanga wa kuntchito, amene kwawo ndi ku Korea, anandipatsa mapaketi atatu a masamba ouma olembedwa nori, wakame ndi kombu. Poona kuti akufanana ndi mfutso wa kwathu, ndinatapa dzanja lodzaza m'paketi iliyonse, n'kuthira mu poto mmodzi pamodzi ndi tomato ndi anyezi, n'kuwiritsa pafupifupi ola lathunthu. Zinafufuma mpaka kukankha chivundikiro, zinananda kuposa therere, mchere unachita kuwawa, ndipo ana anakana ngakhale kulawa. Ndikuchita manyazi kumufunsa mnzangayo. Kodi ndinalakwitsa pati? — Mayi wa ana awiri, Leeds

Yankho: Mayi, manyazi musachite, pakuti amene anadya phula ndi safunsa, ndipo inu mwafunsa. Kuyerekeza kwanu ndi mfutso sikunali kopanda nzeru, popeza zonsezi ndi masamba oumitsidwa kuti asungike. Munaphonya pa zinthu ziwiri, muyeso ndi kusakaniza. Ndere zimenezi si ndiwo zodzaza poto ngati nkhwani; zili pafupi ndi zokometsera, zimalowa mu chakudya pang'onopang'ono, ndipo zitatu zimene munapatsidwazo chilichonse chili ndi kaphikidwe kake moti sizikumana mu poto mmodzi kwa ola lathunthu.

Tiyambe ndi wakame, amene mnzanuyo amamutcha miyeok, chifukwa ndi iyeyo amene anakankha chivundikiro chanu. Akauma amanyala kwambiri, ndipo akalawa madzi amafufuma pafupifupi kakhumi, kotero supuni ziwiri zazikulu za wouma zimakwanira banja la anthu anayi. Mviikeni m'madzi ozizira kwa mphindi 5 kapena 10, tayani madziwo, mutsukuluzeni, kenako mufinyeni ndi manja monga mumachitira ndi masamba ofutsa. Mchere wambiri umapita ndi madzi amenewo. Akatero ndi wodyeka kale: mutha kumusakaniza ndi nkhaka zodula mopyapyala, viniga pang'ono, shuga wa kunsonga ya supuni ndi chitowe chokazinga, kapena kumuponya mu msuzi pa mphindi ziwiri zomaliza musanaphule.

A ku Korea ali ndi msuzi wawo wotchedwa miyeokguk, umene ndi wokhawo mwa amene ndikuwadziwa womuphikitsa wakame nthawi yaitali. Amakazinga tizidutswa ta nyama ya ng'ombe m'mafuta a chitowe, amathiramo ndere zoviika kale n'kukazinga limodzi mphindi zingapo, amawonjezera adyo, soy sauce ndi madzi, n'kusiya kuti zibwate pa moto wochepa kwa mphindi 20 kapena 30. Umenewu ndi msuzi umene amayi amapatsidwa akabereka, ndipo pa chifukwa chomwecho munthu amaudya pa tsiku lake lobadwa pokumbukira mayi ake. Mukamufunsa mnzanuyo za msuzi umenewu, ndikukhulupirira kuti adzakondwa koposa momwe mukuganizira.

Nori, amene kwawoko amati gim, ndi uja wopyapyala ngati pepala lakuda, ndipo iye ndi madzi ndi adani. Mukamuwiritsa amasungunuka n'kusanduka phala lakuda. Gwirani tsamba limodzi ndi zala, mulidutsitse pa chiwaya chotentha chopanda mafuta kwa masekondi ochepa mbali zonse ziwiri, mpaka lisinthe kuchoka pa kuda n'kuoneka mobiriwira komanso kuyamba kuthetheka. Pamenepo lidulen'ni ndi sizasi kuti mukulungire mpunga, kapena lifikiseni ndi manja n'kuwaza pa mazira okazinga kapena pa mpunga wotentha. Ana amene anakana poto uja ayambireni pamenepa. Paketi mukaitsegula, muisunge m'botolo lotseka bwino, popeza nori amayamwa chinyontho msanga n'kulefuka.

Popeza muli ku Britain, dziwaninso kuti m'bale wake wa nori amamera pa magombe a dziko lomwelo. Anthu a ku Wales amamuwiritsa kwa maola ambiri mpaka asanduke phala lobiriwira mwakuda lotchedwa laverbread, limene amasakaniza ndi oats n'kukazinga pa kadzutsa, ndipo pa msika wa ku Swansea amaligulitsa. Anali mayi wina wasayansi wa ku yunivesite ya Manchester, Kathleen Drew-Baker, amene pofufuza ndere za ku Wales zimenezi anatulukira mu 1949 kuti pa gawo lina la moyo wake chomerachi chimabisala m'zigoba za nkhono za m'nyanja. Nzeru imeneyo inapulumutsa ulimi wa nori ku Japan, moti mu mzinda wa Uto m'dzikomo anamumangira chipilala ndipo amamukumbukira pa 14 April chaka chilichonse, ngakhale kuti iye sanapondeko ku Japan.

Kombu, uja wokhuthala ndi wouma gwa ngati chikopa, ndiye ananandisa poto wanu. Za iyeyo werengani yankho lotsatirali.

Funso: Mayi, mng'ono wanga anabwera kuchokera ku sukulu ku Japan ndi mtolo wa kombu, ndipo wakhala m'kabati miyezi inayi tsopano chifukwa akazi anga akuti sadziwa chochita naye. Wayamba kuyera ngati wachita chuku. Kodi titaye? Ngati ayi, angagwirizane ndi zakudya zathu za masiku onse, monga nyemba ndi usipa? — Bambo wa ku Area 25, Lilongwe

Yankho: Bambo, musataye ayi. Kuyera kooneka ngati ufa pamwamba pa kombu wouma si chuku, koma ndi mtundu wa shuga wotchedwa mannitol umene umatuluka m'tsamba lomwelo likamauma, ndipo ndi mbali ya kukoma kwake. N'chifukwa chake satsukidwa pa mpopi, amangopukutidwa ndi kansalu konyowa. Chuku chenicheni chimakhala ndi ubweya, chimanunkha chinyontho, ndipo chimagwira tsamba limene lafewa. Ngati wanu ali wouma gwa, angathe kukhala chaka ndi kupitirira.

Ntchito yaikulu ya kombu ndi kupereka msuzi, umene a ku Japan amautcha dashi. Dulani kachidutswa ka magalamu 10, kotalika ngati chikhato, mukaviike mu lita imodzi ya madzi ozizira kwa mphindi 30, kapena usiku wonse ngati muli ndi firiji. Ikani poto pa moto wochepa, ndipo mukangoona timathovu tayamba kutuluka m'mbali mwa poto madzi asanabwate, vuulani kombuyo. Mukamulekerera kuti abwate, amatulutsa kunanda ndi kakuwawa kamene kanawagwera mayi a ku Leeds aja. Pano kuona maso a nkhono n'kudekha.

Mukalawa madzi amenewo mudzamva kukoma kovuta kukutchula, kosakhala kwa mchere kapena kwa shuga, kofanana ndi kwa msuzi wa nyama. Katswiri wa ku yunivesite ya Tokyo, Kikunae Ikeda, anafufuza kukoma kumeneku mu 1908 n'kupeza kuti kumachokera ku glutamate, amene kombu ali naye wochuluka, ndipo anakutcha umami. Glutamate yemweyo ali mu tomato wakupsa, n'chifukwa chake lilime lathu silimudabwa.

Tsono pa usipa ndi pamene ndakondwera nalo funso lanu. A ku Japan nawonso ali ndi tinsomba tawo touma totchedwa niboshi, ndipo amatichotsa mitu ndi matumbo kuti tisawawe, monga momwe amayi athu amachitira, n'kutiphatikiza ndi kombu popanga msuzi. Nsomba zouma zili ndi chokometsa china chotchedwa inosinate, ndipo chikakumana ndi glutamate kukoma sikungowonjezereka chabe koma kumachulukana. Choncho tengani usipa wouma wodzaza dzanja, muuchotse mitu, muuviike pamodzi ndi kombu, ndipo mukavuula kombuyo musiye usipawo ubwate mphindi zina 10 musanasefe. Msuzi umenewo phikirani mpiru, chayinizi kapena mpunga, ndipo mudzaona kuti timabulo togula tokometsera ndiwo sitikufunikanso. Ndinayesapo kuphikira nkhwani wotendera, ndipo nsinjiro zinagwirizana nawo bwino, kungoti mchere muuchepetse ndipo muuthire mutalawa kaye.

Pa nyemba, ponyani kachidutswa kotalika ngati chala mu poto pamene mukuyamba kuphika. Apa kunanda kuja kumasanduka phindu, chifukwa kumalimbitsa msuzi wa nyemba. Nyemba zikapsa, chotsani chimene chatsala cha tsambalo. Kunena zoona, kombu monga ndiwo yodyera nsima payekha sindikukulimbikitsani, ndipo chifukwa chake si kukoma kokha, monga mumve m'munsimu.

Funso: Mayi, ndine woyembekezera, mimba ya miyezi isanu. Mayi anga ku Mzimba anavutika ndi chithokomiro zaka zambiri, ndipo ndinamva kuti vutoli limabwera chifukwa chosowa ayodini. Pa Facebook ndinaona kuti ndere za m'nyanja zili ndi ayodini wambiri, tsono ndimamwa supuni ziwiri za sea moss m'mawa uliwonse, ndimathira ufa wa kelp mu phala, komanso ndagula paketi ya hijiki. Kodi ndikuchita bwino? — Mtsikana wa ku Johannesburg

Yankho: Mwana wanga, nkhawa yako ili ndi maziko, koma njira imene watenga ndikupempha kuti uisiye lero lomwe, ndipo ukapita ku sikelo ukawauze anamwino kapena adokotala zonse zimene wakhala ukumwa, utatenga ndi mapaketi omwe. N'zoona kuti kusowa kwa ayodini kumatupitsa chithokomiro ndipo kumasokoneza kakulidwe ka ubongo wa mwana, n'zoonanso kuti ndere zili naye wambiri, moti ayodini weniweniyo anatulukiridwa mu 1811 ndi Bernard Courtois wa ku France m'phulusa la ndere za m'nyanja. Koma chakomachakoma pusi anagwa chagada. Ayodini akachuluka amasokoneza chithokomiro chomwecho, cha mayi ndi cha mwana amene ali m'mimba.

Taona manambala. Bungwe la WHO limati munthu wamkulu amafunika ma microgram 150 a ayodini pa tsiku (microgram ndi gawo limodzi mwa magawo miliyoni a galamu), ndipo mayi woyembekezera kapena woyamwitsa amafunika 250. Akatswiri a ku Ulaya anaika malire pa 600 pa tsiku, pamene a ku America anaika pa 1,100. Tsono galamu imodzi yokha ya kombu wouma kawirikawiri imakhala ndi ma microgram oposa 1,000, nthawi zina kupitirira 2,000, ndipo ufa wa kelp umene ukuthira mu phalawo ndi wa banja lomwelo la ndere zofiirira zikuluzikulu. Kunsonga kwa supuni kokha kungathe kudumpha malire a tsiku lonse. Sea moss nayenso ayodini wake amasinthasintha malinga ndi mtundu wake ndi kumene anamera, choncho supuni ziwiri za botolo ili sizifanana ndi supuni ziwiri za botolo lina. Zimenezi si zongoopseza: kumapeto kwa 2009 ku Australia, mkaka wina wa soya umene unali ndi kombu unachotsedwa m'masitolo anthu akuluakulu ndi makanda atapezeka ndi mavuto a chithokomiro.

Hijiki uja, wakuda wooneka ngati tinthambi, mutaye osamutsegula n'komwe. Vuto lake si ayodini koma arsenic wa mtundu woopsa, amene amawonjezera chiopsezo cha khansa, ndipo bungwe loona za chakudya ku Britain, Food Standards Agency, linalangiza anthu mu 2004 kuti asamamudye. Ngati ukulakalaka kukoma kwa ndere, tsamba limodzi kapena awiri a nori pa mpunga alibe vuto, popeza ayodini wake ndi wochepa kwambiri poyerekeza ndi kombu. Ayodini wa tsiku ndi tsiku umupeze mu mchere wolembedwa kuti uli ndi ayodini, mkaka, mazira ndi nsomba za m'nyanja yamchere, komanso m'mapiritsi amene a ku chipatala angakupatse.

Kwa owerenga ena, a ku Area 25 aja pamodzi ndi onse amene ayambe kupanga dashi: ayodini wambiri amatsikira mu msuzi, kotero kuvuula tsamba sikumuchotsa. Kamodzi kapena kawiri pa sabata n'kokwanira. Amene ali ndi matenda a chithokomiro, a impso, kapena amene amamwa warfarin, mankhwala oletsa magazi kuundana, afunse kaye adokotala awo, ndipo a vuto la kuthamanga kwa magazi akumbukire kuti wakame ali ndi mchere wambiri.

Funso: Mayi, kuno ku Nkhata Bay miyala ya m'mbali mwa nyanja ili yodzala ndi ndere zobiriwira. Ngati anzathu akugula ndere ndi ndalama zambiri, bwanji ife osangokolola zathuzi n'kuyanika? — Mphunzitsi wopuma, Nkhata Bay

Yankho: Bambo mphunzitsi, ndere zimenezo asiyireni mbuna, zimene milomo yake inapangidwira kupala miyala. Nyanja yathu ndi ya madzi opanda mchere, ndipo nori, wakame ndi kombu samera m'menemo. M'madzi otere, pakati pa ndere wamba pamakhalanso tizamoyo tina tobiriwira totchedwa cyanobacteria, tina mwa ito timatulutsa poizoni wowononga chiwindi amene safa ndi kuwiritsa, ndipo ndi maso simungasiyanitse chabwino ndi choipa. Onjezanipo kuti m'mbali mwa nyanja momwe anthu amachapa ndi kusamba ndi momwe mumakhala nkhono za likodzo.

Alipo anthu amene amadya ndere za m'madzi opanda mchere. A mtundu wa Kanembu pafupi ndi nyanja ya Chad amakolola spirulina n'kumuumitsa kukhala timikate totchedwa dihé, ndipo ku Luang Prabang m'dziko la Laos amayanika ndere za mu mtsinje n'kuzikazinga ndi chitowe. Koma iwowo amadziwa mtundu wake, malo ake ndi nyengo yake kuchokera kwa makolo awo, ndipo nzeru yotere pa ndere za ku Nkhata Bay ife sitinasiyiridwe. Ulimi wa ndere wodziwika umene uli pafupi nafe ndi wa ku Zanzibar, umene unayamba monga malonda mu 1989 m'midzi ngati Paje ndi Jambiani ndi mbewu yochokera ku Philippines. Alimi ambiri ndi amayi, amene amamangirira mwani pa zingwe m'madzi osaya, ndipo wambiri amatumizidwa kunja kukapanga carrageenan, amene amalimbitsa ayisikilimu ndi mankhwala otsukira mano.

Funso: Mayi, pa mwezi wa Ramadan ndinagula China grass m'sitolo ya amwenye ku Limbe kuti ndipange jeli wa mkaka, popeza sitidya gelatin wosadziwika kumene wachokera. Ndinamuthira mu mkaka wofunda, ndinatakasa, ndinaika m'firiji usiku wonse, koma m'mawa unali mkaka womwewo, uli ndi timaulusi toyandama. Kodi anandigulitsa wachabe? — Mayi wa ku Mpingwe, Blantyre

Yankho: Mayi, katundu wanu anali wabwino, kungoti munamuphika ngati gelatin. Mwina simunadziwe kuti mwa onse amene alemba mwezi uno, inu ndi amene muli ndi ndere yothandiza kwambiri pa nyengo yathu. China grass, amene pa mapaketi ena amalembedwa agar-agar ndipo ku Japan amati kanten, amapangidwa kuchokera ku ndere zofiira za m'nyanja, osati ku zikopa ndi mafupa a nkhumba kapena ng'ombe monga gelatin, kotero pa nkhani ya chipembedzo munasankha bwino. Kusiyana kwake n'kwakuti gelatin amasungunuka m'madzi ofunda, pamene agar safuna zonyengerera: sasungunuka mpaka madzi afike pafupifupi madigiri 85, kutanthauza kuti ayenera kubwata ndithu.

Ngati muli ndi wa timaulusi, tengani magalamu 10 pa lita imodzi ya mkaka. Mumudule ndi sizasi, mumuviike mu kapu imodzi ya madzi kwa mphindi 15, kenako mumuwiritse m'madzi omwewo mukutakasa mpaka ulusi womaliza usowe. Pa poto wina tenthetsani mkaka ndi shuga, ndipo muphatikize ziwirizi zonse zili zotentha, chifukwa mukathira agar wotentha mu mkaka wozizira amagwirana pomwepo n'kupanga mibulu. Sefani, thirani m'mbale, muwaze mtedza wosinja pamwamba ngati mukufuna. Ngati ndi wa ufa, supuni yaing'ono imodzi imalimbitsa kapu imodzi ya madzi kukhala jeli wodulika ndi mpeni, ndipo pa jeli wofewa supuni yomweyo ikwanira makapu awiri. Mumutakase m'madzi ozizira, kenako abwate mphindi ziwiri kapena zitatu.

Chimene ndimamukondera n'chakuti amalimba kutentha kukangotsika kufika pa madigiri 40 kapena kucheperapo pang'ono, choncho amagwira ali pa tebulo popanda firiji, ndipo akalimba sasungunukanso ngakhale mu October magetsi atazima. Khalidwe lomweli ndi limene linachititsa Fanny Hesse, kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1880, kuuza mwamuna wake amene ankagwira ntchito ndi Robert Koch ku Germany kuti ayese agar pomeretsa tizilombo toyambitsa matenda, ndipo ma labotale a m'zipatala amamugwiritsabe ntchito. Komabe jeli wa mkaka musamusiye kunja tsiku lonse, popeza agar salimbana ndi kusasa kwa mkaka.

Amagwiranso ndi nanazi ndi papaya wosaphika, zipatso zimene zimalepheretsa gelatin kulimba. Zowawasa monga mandimu, bwemba ndi malambe zimamufooketsa mukaziwiritsa naye limodzi, choncho wiritsani agar m'madzi okha, muphule, ndipo madzi a chipatso, mutawafunditsa pang'ono, muwathire pambuyo pake, mutawonjezera agar ndi theka la muyeso. Ndipo mkaka wa timaulusi ngati uja ukadzakuchitikiraninso, usanasase ubwezereni pa moto wochepa, mutakase mpaka ulusi usungunuke, n'kuthiranso m'mbale. Agar amalola kusungunulidwa kachiwiri.